Mimba Ija Ndinaifuna Ndine

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Chirimba tilipo. Mvula inakata msanga, fumbi layambanso, ndipo madzi pampopi akumangobwera m'mamawa mokha. Achimwene a Zuze anaimba foni kuchokera kumudzi kuti mapira achita bwino kumunda wanu wakumtunda uja, koma chimanga chakudimba chinapita ndi madzi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa. Akuti ikadali yakuba ngati kale, ikumalowa m'khitchini mwa eni ake.

Nkhani yaikulu ndi iyi: muli ndi mdzukulu. Ndi wamkazi, dzina lake Tiyamike. Pamene ndikulemba pano wagona pamiyendo pangapa, ndamumangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje kuti asagubuduke. Kulemera kwake sindikumva, ndimachita kuweramira kuti ndione ngati alipo. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amakwinya chipumi monga munkachitira mukaona kuti ndasiya mankhwala pansi pa pilo.

Ndikudziwa kuti mwadabwa. Kuyambira tsiku lija lole inagunda kabaza yemwe ndinakwera ku Limbe n'kundithyola msana, inu simunatchulenso za adzukulu. Madokotala atanena kuti kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi sindidzamvanso kanthu, munangoyala mkeka pansi pa bedi langa n'kukhala gadiyani wanga. Munkanditembenuza pafupipafupi, kwinaku mukusisita khungu ndi dzanja n'kumati, "Malita, pomwe sukumvapo m'pomwe uziyang'anapo kwambiri." Nthawi yonse yomwe munali moyo sindinatulukepo chilonda ngakhale chimodzi.

Mutatisiya, ntchito yonse ija inagwera amuna anga, a Laisoni. Ankanditembenuza, kundisambitsa, kutaya thumba la mkodzo, kenako n'kuthamangira kuntchito kwawo ku Sunnyside komwe amayendetsa galimoto ya ofesi. Ndinkatseka maso akamandikonza. Munthu yemwe anandiona nditavala zoyera kutchalitchi, lero azichapa zimenezi! Chinandithandiza ndi mafizo, zolimbitsa thupi zija za kuchipatala. Mumawakumbukira a Mwandida, mayi wamfupi uja ankatiphunzitsa zolimbitsa manja? Anandilimbikira mpaka ndinaphunzira kuchoka pabedi kupita pawilitcheya ndekha podutsa pathabwa, kudzinyamula ndi mikono kuti matako apume, ndi kudzisamalira za mkodzo popanda kuitana munthu. Ndinayambanso kuphika. A Laisoni anadula miyendo ya tebulo kuti lindifike.

Tsiku lina a Mwandida anakoka katani n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ine ndi a Laisoni tinabwererana ngati banja. Anati popeza kumwezi ndinayambiranso, ndikhoza kuima ngati mkazi wina aliyense, ndipo zikadzatero ndidzawauze msanga kuti madokotala akonzekere. Ine ndinangoseka nditabisa nkhope m'manja. Koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

Amayi, izi mwana sauza mayi ake, koma ndasowa pozitula. Ndinayamba ndine. A Laisoni ankaopa kuti andipweteka, ankagona kumphepete kwenikweni kwa bedi ngati mlendo. Ndinawauza kuti ndatopa kukhala wodwala wawo tsiku ndi tsiku, ndikufuna ndikhalenso mkazi wawo, ndipo ndikufuna mwana. Anakana kangapo. Ndinawachonderera mpaka analola. Nditadziwa kuti ndaima, tonse tinasangalala kwambiri, moti iwo anabwera ndi nkhuku madzulo ake.

Chimwemwecho chinathera kusikelo. Tinapita kukachipatala kakang'ono kapafupi kuno, a Laisoni akundikankha. Amayi anzanga omwe anali pabenchi anasiya kucheza atationa. Maso awo ankachoka pamatayala, kupita pamimba, kenako kwa amuna anga. Mmodzi analankhula mosabisa mawu.

"Amuna enawa alibe chisoni. Munthu ali chonchi, osamusiya apume?"

Anzake anavomereza ndi mitu. A Laisoni anali chiimire kumbuyo kwanga atagwira zogwirira za wilitcheya. Ine ndinangozyolika. Nditalowa m'kati, namwino anatseka chitseko n'kundifunsa mwachifundo ngati anandikakamiza, ndipo anati kuli kokadandaula. Sindinavomere, komanso sindinakane. Ndinaona kuti kuli bwino andimvere chisoni kusiyana n'kuti adziwe kuti mkazi wopuwala ngati ine amafunanso mwamuna wake.

Nkhani inafika kudera kwathu kuno ife tisanafike. Amake Gifiti, oyandikana nawo nyumba aja munkagawana nawo makala, anaiwanditsa pampopi ponse. Kuchokera pamenepo sindinapitenso kusikelo, ndipo kumafizo ndinasiya kuopa kuti a Mwandida aona. Ndinkakhala m'nyumba nditafunda bulangete pamimba ngakhale kunja kukutentha. Thupi linalemera, mikono inayamba kulephera kundinyamula, ndipo ndinkangokhala malo amodzi tsiku lonse. Chilonda chinatuluka pathako ine osadziwa. A Laisoni atachiona anafuna kunditengera kuchipatala pomwepo, koma ndinalira kuti asatero. Tinkangochitsuka ndi madzi amchere. Chinakula, chinayamba kununkha, kenako ndinayamba kutentha thupi.

A Mwandida ankaimba foni ine osayankha. Loweruka lina ndinangomva "odi" pakhomo. Anakwera okha miyala yonse ija ya njira yathu, atavala zapanyumba. Anavundukula bulangete, anaona mimba, anaona chilonda, ndipo sanandikalipire. Anangoti chilonda chotere chikafika pafupa chimatenga mayi ndi mwana yemwe, tiyeni tizipita. Amayi, ndikanakonda akanandikalipira. Ndinakumbukira manja anu aja, ndipo ndinachita manyazi kuti khungu lomwe munalisunga bwino chonchija ndaliwoletsa ndekha.

Ndinakhala nthawi yaitali kuchipatala chachikulu nditagonera m'mbali, anamwino akutsuka chilonda tsiku lililonse mpaka chinayamba kudzaza. Kumeneko ndinakumana ndi adokotala ena aakazi, achitsikana ndithu, omwe amaona amayi oyembekezera. Anandifotokozera zomwe palibe anandiuzapo. Anati tsiku lobereka likadzafika, ululu sindidzaumva. Thupi lidzandiuza mwanjira ina: mutu udzawawa kwambiri, thukuta lidzatuluka kumaso, mphuno zidzatsekeka, ndipo magazi adzathamanga koopsa moti mtsempha wa m'mutu ukhoza kuphulika. Anandigwira dzanja n'kuliika pamimba kuti ndiphunzire kumva ikamalimba. Anati adzandigoneka m'chipatala nthawi isanakwane, koma zikadzayamba ndili kunyumba ndisadzagone chagada, ndidzakhale tsonga n'kuthamangira kwa iwo.

Nditatuluka, kunabwera alendo ochokera kumudzi: amalume, omwe ndi ankhoswe athu, ndi amayi aang'ono, a Feliya. Anamva kale zonse. Anakhazika a Laisoni pakhonde n'kuyamba kuwazazira. A Feliya anati inu, mkulu wawo, munasiya mwana m'manja mwa chilombo. Amalume anati ngati analephera kudzigwira akanapita kwina, abale akanamvetsa, kusiyana n'kufuna kupha ine, mwana wawo. Ine ndinali kuchipinda, katani yokha ndi yomwe inatilekanitsa, ndipo mawu onse ndinkawamva. Wilitcheya inali pambali pa bedi, thabwa lili pomwepo. Ndikanatha kutuluka. Sindinatuluke. Ndinamva a Laisoni akugwada pasimenti n'kunena kuti alakwa, awakhululukire. Alendo atapita anabwera kudzanditembenuza monga mwa masiku onse, anandiika pilo pakati pa mawondo.

Inu munkandiuza ndili mtsikana kuti, "Iwe vuto lako umayankha ndi maso. Anthu samva maso, uzitsegula pakamwa." Ndinkaona ngati mukungonditola. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti munkandidziwa bwino.

Adokotala aja akuchita kafukufuku wa amayi ovulala msana omwe abereka kapena akuyembekezera. Akuti kuno kwathu zambiri sizinalembedwe, moti anamwino ena akaona mayi ngati ine amasowa poyambira. Anandipempha kuti ticheze n'kujambula mawu anga, ndipo anati dzina langa silidzatchulidwa, komanso ndikakana chithandizo changa sichisintha. Ndinalola poganiza kuti azifunsa za mkodzo ndi zilonda. Anafunsadi zimenezo. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Nanga mimbayi, inuyo munaifuna?"

Chiyambire palibe yemwe anandifunsapo choncho. Onse ankabwera ndi yankho lawo kale.

"Ndinaifuna," ndinatero. "Ndinayamba ndine."

Ndinalira ngati pamaliro anu paja. Iwo anazimitsa kojambulira kaja n'kudikira mpaka ndinatonthola. Sanandiuze chochita. Anangofunsa ngati amuna anga ali ndi munthu wocheza naye za zimenezi, ndipo ndinazindikira kuti alibe, chifukwa ngakhale kugulu la abambo kutchalitchi anali atasiya kupita.

Mwana sanadikire tsiku lomwe anatiuza kuti tikagone kuchipatala. Anali masana, ine ndikusankha nandolo pakhomo, a Laisoni ali kuntchito. Mwadzidzidzi mutu unayamba kugunda ngati wina akukhoma msomali, thukuta lili chuchuchu kumaso, maso akuona zinthu ziwiriziwiri. Ndinaika dzanja pamimba, ndinapeza yalimba gwa. Munthu yemwe anali pafupi anali amake Gifiti. Ndinawakuwira. Anataya zochapa zawo, anaitana amayi ena, ndipo anandinyamula pamodzi ndi wilitcheya kutsika nane miyala ija mpaka kumsewu. Ena ankafuna kundigoneka pampando wakumbuyo wa galimoto yomwe inaima, koma ndinakana kuti adokotala anati ndikhale tsonga. Amake Gifiti anakhala kumbuyo kwanga n'kundikumbatira njira yonse, akupemphera mokweza mpaka dalaivala anawapempha kuti achepetse.

Kuchipatala anandibaya jakisoni wapamsana. Ndinadabwa kuti akubayiranji munthu wosamva ululu, koma anati n'ngoletsa magazi aja kuthamanga. Posakhalitsa mutu unaphwa. Anandichita opareshoni ndili maso, ndipo ndinamva kulira kwa mwana kuseri kwa nsalu. A Laisoni anafika akupuma wefuwefu, malaya ali pamanja. Namwino atawapatsa mwana, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma kuti anthu asaone nkhope yawo.

Titabwerera kunyumba ndinawauza kuti ndinawalakwira, ndinawasiya okha pamaso pa anthu. Ndinkayembekeza kuti anena kuti palibe kanthu, monga amachitira. Sanatero.

"Pakhonde paja ndinkangomvetsera ngati matayala ako akubwera," anatero. "Ndinagwada nditaona kuti sukubwera."

Anati sanandisungire mkwiyo, koma zinawapweteka, ndipo zikuwapwetekabe akamadutsa pampopi anthu n'kusiya kulankhula. Mpaka pano, Amayi, sanabwerere mwakale kwenikweni. Mwana amasewera naye, amamusambitsa, amamuimbira nyimbo zosamveka mutu wake. Koma tikamadya amangokhala chete, ndipo Lamulungu amatisiya pakhomo la tchalitchi n'kukakhala kumbuyo kwenikweni.

Kutsegula pakamwa kuja ndayamba ndi amake Gifiti. Anabwera kudzandithandiza kuchapa matewera, ndipo ali m'kati mochapa anayambanso zija zoti amuna alibe chisoni. Ulendo uno ndinawauza kuti mwanayu ndinamupempha ndine, a Laisoni ankakana. Anasiya kuchapa, anagwira pakamwa ndi dzanja la thovu, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Ndiye inu muli moyo, eti?" Ndinachita manyazi moti makutu anatentha. Koma podziwa pakamwa pawo, ndikhulupirira kuti pofika lero pampopi ponse amva, ndipo ulendo uno ndikuthokoza.

Kumafizo ndinayambiranso. Chilonda chinapola, kwatsala chipsera chomwe ndimachiona pagalasi m'mawa uliwonse. A Mwandida akundiphunzitsa kunyamula mwana kuchokera pabedi osagwa naye chafufumimba, popeza m'mimba mwanga mulibe mphamvu yondigwira. Kubereka kumbuyo sindingathe, ndiye ndimamumangirira pachifuwa. Anthu amayang'anabe mumsewu. Masiku ena ndimadzutsa mutu, masiku ena ndimalephera.

Kwatsala kumudzi. Khosi la Tiyamike likangolimba tibwera. A Zuze akuti alambula njira yakumanda kuti wilitcheya idutse, ndidzakuonetseni mdzukulu wanu. Koma ndisanafike kwa inu, ndidzayamba ndaima pakhomo pa amalume. Ndidzaitanitsa a Feliya, a Laisoni ali pambali panga, ndipo ndidzanena ndi pakamwa panga kuti munthuyu anagwada popanda mlandu. Ndikuopa, Amayi. Koma ndakulonjezani inu, ndiye sindingabwererenso m'mbuyo.

Mwana wadzuka, akufuna bere. Gonani bwino, mayi anga. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Malita