Mkono wa Chitsulo

Lolemba, 3 Malichi

Wodi yodzaza, koma tsiku labwino. Ndaika madiripu asanu osaphonya mtsempha. Anzanga ophunzira udokotala akunditchabe Chitsulo, eti sinditopa, sindidandaula. Ndisaname, dzinali limandisangalatsa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Makina atsopano oyezera BP afika. Asisita, mkulu wa manesi, amafuna mkono woyeserapo, ine n'kupereka wanga mothamanga. 158/98. Tonse kuseka. Ndinati makinawa ndi abodza, abwezedwe komwe achokera. Kenako anayeza Mtalimtali, mnzanga wa mu wodi: 118/76. Kuseka kunathera pomwepo.

Asisita anangoti, "Mwana wanga, munadziyeza liti komaliza?" Sindikukumbuka. Ine amene ndimayeza anthu makumi anayi patsiku.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndi khofi chabe ameneyu. Makapu anayi, m'mimba mulibe kanthu.

Lachinayi, 6 Malichi

Lero khofi ayi. Ndadziyeza mobisa m'chipinda chosungira mankhwala, katatu, mikono yonse. Ndalemba yotsikitsitsa, 150/95, ngati pali wina amene ndikumunamiza. Wodwala akanachita zimenezi ndikanamukalipira.

Mantha andigwira, ndivomere. Bambo anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 52, ndipo nawonso ankati ali bwinobwino.

Ndaimbira achemwali. Sanandinyengerere. "Iwe, nzeru zakozo usamadzipusitse nazo. Pita akakuone wina." Kenako tinacheza za ana awo ola lathunthu, mpaka ndinaseka.

Loweruka, 8 Malichi

Mtalimtali wapempha ndimugwirire ntchito mawa, monga mwa nthawi zonse. Ndakana, koyamba chiyambire. Iye maso tong'o: "Chitsulo chachita dzimbiri?" Ndati inde, ndipo dziko silinathe.

Ndagona masana. Ndayenda wapansi mpaka kumsika, osathamangira kulikonse. Kani kunja kuno kumakhala dzuwa chonchi.

Lolemba, 10 Malichi

Ndikulemba izi ndili pabenchi ya odwala. Gauni loyera ndalipinda, lili m'chikwama. Khadi lili m'manja, dzina langa lenileni pamwamba.

Mayi wina pambali panga wandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Adokotala, mwabwera kudzatiitana?"

"Ayi mayi, nanenso ndikudikira."

"BP?"

"BP."

Wasendera kuti ndikhale bwino. "Musaope. Koma mankhwalawo musamadumphitse."

Ndayankha kuti ndamva. Nambala yanga ndi 23, aitana 19.