Chitseko Chathu Ndachipeza Kuno

Okondedwa achemwali anga,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa ana. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Bondo la amayi lija layamba kuwalola kuyenda? Nanga chifuwa cha mwana wamng'onoyo chinatha? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mtima ndi umene sukukhala pansi.

Kalatayi muwerenge muli nokha. Sindinaimbe foni chifukwa foni ya pakhomopo imakhala m'thumba mwa amayi, ndipo mukudziwa kuti iwo amaitsegula mokweza mpaka nkhuku zimamva nawo. Ku positi sindinaiponyenso. Ndapatsira akazi a mlonda wathu, amene adutsa kumeneko popita kukaona mwana wawo. Ndinayamba ndalemba ndi pensulo kenako n'kukopera, kuti pasakhale mawu amene mungawamve molakwika.

Ntchito ndikugwirabe ku myuziyamu ya boma kuja. Kale ndinkangopukuta magalasi m'chipinda cha miphika ndi mikondo yakale. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wophunzira kwambiri, amene amubwereka miyezi itatu kuti akonze chionetsero cha zaluso za masiku ano. Tonse timangowatchula kuti a Mlendo. Iwo ndi amene amasankha zoti anthu aone, malo oti ziime, komanso anthu oti adzayankhule pa misonkhano ya Loweruka. Anandisankha kuti ndiziyang'anira holo yaikulu, ati chifukwa ndimayenda osagunda kanthu.

Ine ndinkayesa kuti abweretsa zithunzi zopachika pakhoma. Koma lole itafika inatsitsa zitseko. Zitseko zakale makumi anayi ndi ziwiri, zina za matabwa, zina za malata. Mmisiri wina anazitola pamalo pamene anagumula nyumba pomanga msewu waukulu. Anaziimika m'mizere pakati pa holo, chilichonse pachokha, popanda khoma, popanda denga. Munthu ukazungulira kuseri umapeza kulibe nyumba. Mlonda wathu, amene timawatcha a Makiyi, anaseka mpaka kutsokomola. Anati akalamba akulondera nyumba ino, ndiye lero awawonjezera zitseko zonsezi zopanda ngakhale tsache loti wakuba akabe kuseri.

Ntchito yanga ndi kuchotsa fumbi ndi kaburashi kofewa. Madzi saloledwa, ndipo ngakhale msomali wopindika suwongoledwa. Tsiku lachitatu ndinafika pa chitseko chobiriwira cha mzere wachinayi. Achemwali, chitsekocho n'chathu. Chokowera chija amayi anamanga ndi waya chilipobe. Kumbuyo kwake kuli mizere ija malemu bambo ankadula ndi mpeni potiyeza msinkhu chaka chikatha. Yanu ili kumanja, yanga kumanzere, ndipo ya malemu achimwene ili pakati, yathera pamene inathera paja.

Pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona kuti mulibe munthu. Ndinavula nsapato, n'kutsamira chitsekocho ndi msana, dzanja pamutu, monga tinkachitira. Ine amene ndimauza alendo tsiku lonse kuti asakhudze. Potembenuka ndinapeza a Mlendo ataima pakhomo la holo, akundiyang'ana.

Ndinaganiza kuti ntchito yatha. Koma iwo anangobwera pafupi n'kundifunsa kuti mzere wanga ndi uti. Bodza sindilitha, mukudziwa. Ndinawasonyeza. Anandifunsa ngati mayi anga ali moyo, ndi kumene anawasamutsira. Ndinawauza zonse, ngakhale dzina la sitolo imene timalandirira makalata. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikumwetulira ndekha m'basi. Sindinkadziwa.

Loweruka lililonse lachiwiri amaika mipando mu holo. Mwini chitseko amakhala pafupi ndi chitseko chake, amamupatsa maikolofoni, n'kufotokoza za nyumba yake. Woyamba anali bambo wina wachikulire, telala, wa chitseko cha malata cha mzere woyamba. Anayamba bwino, kuseketsa anthu za mbuzi imene inkadya nsalu za makasitomala. Kenako mtsikana wina wa sukulu anawafunsa kuti anasamuka bwanji. Iwo ananena kuti anapatsidwa masiku atatu okha, ndipo anawasainitsa pepala lonena kuti achoka mwa kufuna kwawo. Ndi pepala lomwe lija amayi anasaina, limene limati wodzalikana pambuyo pake adzalandidwa malo atsopano amene anapatsidwa. Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali. Bwana wamkulu wa myuziyamu sanawombe. Anatuluka msonkhano usanathe.

Lolemba lake kunabwera amuna awiri ovala masuti ofanana. A Makiyi anawapatsa dzina loti Amapasa. Salipira pakhomo, sapereka moni, ndipo zitseko saziyang'ana ngati mmene alendo ena amachitira. Amayang'ana anthu. Anatenga buku limene alendo amalembamo mayina ndi maganizo awo, n'kudula masamba atatu ndi lezala, bwinobwino motsata ulusi. Akanakhala kuti sindimawerenga masamba m'mawa uliwonse, sindikanazindikira. Pochoka mmodzi anamata kapepala kachikasu, kakang'ono ngati chikhadabo, pamwamba pa chitseko cha atelala.

Lachitatu m'mawa ndinawerenga zitseko monga ndimachitira. Zinali makumi anayi ndi chimodzi. Ndinabwereza katatu. Pamalo pa chitseko cha malata panatsala mabowo anayi pansi. Bwana wamkulu anati achitenga kuti akachikonze, ndipo anandiuza kuti ndiikepo mphika wa maluwa. Chikonzedwe chanji, pamene ine andiletsa ngakhale kuwongola msomali?

Lachisanu kunabwera mwana wamkazi wa atelala aja, ali ndi khanda kumbuyo. Ankafunsa ngati bambo ake anafikako kuno. Anati anaitanidwa ku ofesi ina kuti akayankhe mafunso, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanabwerere. Panyumba pawo anthu ena anabwera ndi chingwe n'kuyeza malo. Mwana wa atelalayo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mphika wa maluwa uja. Ndinamupatsa mpando wanga ndi madzi akumwa.

A Mlendo si munthu woipa, musawaganizire zoipa. Akuonda ndi nkhaniyi. Alemba makalata ambiri ofunsa za atelala, ndipo ndinawamva akukangana ndi bwana wamkulu mpaka mawu kusasa. Iwo amati misonkhano ikaima ndiye kuti ogumula aja agumulanso kachiwiri. Amati anthu akadzadza holo, atolankhani n'kubwera, palibe amene angakhudzidwe. Mwina akunena zoona, iwo anaphunzira. Koma a Makiyi anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwanawe, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyezi itatu ikatha iwo adzanyamula chikwama chawo. Ife tidzatsala.

Masiku apitawa ndinapeza kapepala kachikasu pamwamba pa chitseko chathu.

Tsopano nali pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. A Mlendo atumizira amayi kalata yowaitana, muli ndi tikiti ya basi, kuti adzayankhule Loweruka la sabata yamawa. Envulopu yake ndi yaikulu, yoyera, ya chidindo cha myuziyamu pakona. Chonde achemwali, amayi asabwere. Pitani kusitolo kuja inuyo msanga, muitenge isanafike m'manja mwawo. Ngati yafika kale, auzeni kuti tsiku lasintha. Akakana, bisani nsapato zawo zakutchalitchi, popeza sangakwere basi ndi zakumunda. Ndikudziwa kuti kunamiza kholo si chinthu chabwino, tchimolo likhale pa ine. Amayi mukuwadziwa. Akagwira maikolofoni adzatchula ngakhale mtundu wa malaya a munthu amene anawagwira dzanja posainitsa. Nyumba imene alimoyo anaimanga ndi bondo lomwe likuwawalo. Sangayambirenso kachitatu.

Zimenezi ndinayesa kuwauza a Mlendo. Masiku awiri ndinkafika pakhomo la ofesi yawo n'kubwerera. Tsiku lachitatu ndinalemba pa kapepala n'kuwapatsa. Anawerenga, kenako anandipepesa. Anati mndandanda wa oyankhula unapita kale kwa akuluakulu, koma mwamwayi dzina la amayi sanalilembepo. Analemba kuti wa pabanja la chitseko chobiriwira. Amapasa afunsa kale kawiri kuti munthuyo ndani ndipo amakhala kuti, koma iwo sanawauze.

Ndinafunsa nzeru kwa a Makiyi. Iwo anati anthu ngati amenewa sakonda mpando wopanda munthu. Mpando ukakhala wopanda munthu adzatsegula madirowa, n'kupeza kumene tikiti inapita. Koma wina akakhalapo, adzati munthu wawo ndi ameneyo, n'kulekera pomwepo.

Ndiye pampandopo ndidzakhala ine. Ndikudziwa kuti apa mwaseka, poti ine ndi amene ndinathawa pa tsiku la mphatso kusukulu kuopa kuitanidwa kutsogolo. Koma taganizani bwino. Inenso ndine wa pabanja la chitseko chobiriwira, pamenepo palibe bodza. Pepala lija sindinasaine, ndinali mwana. Malo oti andilande ndilibe, ndili ndi ntchito iyi ndi kachipinda kalendi basi. A Mlendo anayamba akana, koma nditawakumbutsa za chingwe choyezera malo chija anangogwira kumaso n'kuvomera.

Ndayamba kukonzekera. M'mawa tisanatsegule ndimaima pafupi ndi chitseko, a Makiyi amakhala kumapeto kwa holo ngati gulu la anthu. Amati kweza mawu iwe Kachete, ukuyankhula ndi nyerere kapena? Dzulo anati amvako theka, lero ati amva zonse koma ndikuyang'ana kwambiri zala za kumapazi. Ndalemba zoti ndidzanene. Ndidzanena za mpeni wa bambo, za chokowera cha waya, ndi za inu mmene munkanyanyamphira pa zala kuti mzere wanu ukwere. Ndikufuna kulekera pamenepo. Chimene chikundiopsa ndi mafunso. Wina akadzaimirira n'kufunsa kuti anatipatsa masiku angati, sindikudziwa kuti pakamwa panga padzatuluka chiyani. Anali atatu, achemwali. Ndinawawerenga ndekha.

Likadutsa Lowerukalo ndidzatumiza uthenga kudzera kwa akazi a a Makiyi. Mukaona kuti Lachitatu lapita musanamve kanthu, musabwere kuno kudzandifunafuna, ndipo musafunse pa foni. Funsani kwa akazi a a Makiyi omwewo. Zovala zanga ndapinda, zili m'chikwama pansi pa bedi, ndipo juzi yofiira ija ndi ya mwana wanu wamkulu, ine yandithina.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa amalume aang'ono. Ana muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwakumbuka, asamavute posamba. Amayi muwapatse moni ngati kuti wangobwera ndi munthu wapaulendo. Za kalatayi asamve kanthu. Koma nkhani ikadzatha, tsiku lina ali okondwa, mudzawauze chinthu chimodzi. Nditatsamira chitseko chija, mzere wanga womaliza ndinaupitirira ndi zala zinayi.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Kachete