Galimoto ya Mng'ono Wanga

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kutali kumeneko. Ife kuno tilipo.

Galimoto imene munatumizira mng'ono wanga ija inafika, ndipo ndi yokongola zedi. Mwiniwakeyo anati kuima pamzere kumamupweteketsa mutu, ndiye ku ofesi ya msonkho ndinapita ndine. Atayang'ana kukula kwa injini ndi chaka chimene inapangidwa, anatchula msonkho wokwera kwambiri. Munachita bwino kutumiziratu ndalama zake.

Polembetsa nambala, kalaliki anandifunsa kuti, "Mayi, eni ake ndinu?" Ndinatchula dzina la mng'ono wangayo.

Masiku ano mwini galimotoyo akandipeza ndikudikira minibasi amandilizira hutala n'kudutsa. Pampando wakutsogolo pamakhala chikwama chake.

Sindikudandaula ayi. Amene ankagona pansi kuchipatala muja munkadwala musanapite mukumudziwa nokha, koma tizisiye, ndi zakale.

Ndinamufunsanso kalaliki uja ngati lamulo limaletsa munthu mmodzi kutumiza galimoto ziwiri. Akuti sililetsa. Ndinangofunsa chabe.

Ndine mwana wanu,
wamkulu uja.