Khadi la kwa Dokotala

Lolemba, 9 Juni

Manyazi enanso. Gemu ya pa intaneti ili pakati, adani ali pakhomo, chithunzi changa n'kuuma gwa. Pomwe chimayambanso kuyenda, timu yonse inali itafa. Khadi la galafikisi, lija limatulutsa zithunzi, latha ntchito. Lakalamba limodzi ndi kompyuta yake.

Alamu anga, kaputeni wa timu yathu, sanaseke n'komwe. "Alamu, Loweruka ndi mpikisano. Chikapitiriza kutsokomola chinthu chanucho, tiika Wamagalasi." Wamagalasi! Munthu woti kugwira mausi ndinamuphunzitsa ndine. Timu yomwe ndinaiyambitsa ndekha pabalaza panga.

Lachiwiri, 10 Juni

Kushopu. Mtengo wa khadi latsopano ndangouona, n'kutuluka osatsanzika. Mayi a kunyumba andichenjezeratu: "Mukakhudza ya lendi, mukagona nayo panja kompyuta yanuyo."

Lachitatu, 11 Juni

Kwa Dokotala, uja amakonza mafoni ndi makompyuta mu kontena kuseri kwa depoti. Ali ndi khadi logwirapo kale ntchito, lamphamvu kuposa langa. Tagwirizana: ndamusiyira langa lakale, ndawonjezera ndalama ija ndimasungira nsapato. Nsapato zidikire.

Koma uve wake! Khadi lomata m'manja, fungo la fodya, mphemvu yakufa itakanirira pa fani. Waichotsa ndi chikhadabo, n'kupukutira pathalauza, kenako akufuna tigwirane chanza. "Ichi ndi chilombo, bwana. Mafuta oziziritsa ndapaka atsopano, ndi manja angawa." Manja omwewo. Ndasamba m'manja mpaka sopo kuchepa.

Lachinayi, 12 Juni

Khadi lakana kulowa m'kompyuta, lalitali. Ndapinda chitsulo cha m'bokosi ndi pulayala, chala n'kudzicheka. Lalowa.

Abale inu, zithunzi! Udzu kuoneka tsamba lililonse. Osaima, osatsokomola. Ndaseka ndekha ngati wopenga. Ndauza alamu kuti Wamagalasi adzakhale woonerera.

Chokhacho, kafungo. Likatentha, chipinda chikumveka ngati kubafa m'mawa. Mayi a kunyumba: "Mwayamba kutsukira m'mano kuchipinda?"

Lamulungu, 15 Juni

Dzulo sindinathe kulemba.

Mpikisano utangoyamba, fani kulira ngati chigayo. Mizere yobiriwira pasikirini. Kenako mdima bii. M'makutu ndikumva alamu akukuwa, "Muli kuti? Alamu, muli kuti?" Ine ndili chogwada pansi pa tebulo, ndikupemerera bokosi ndi katoni.

Anaika Wamagalasi. Anapambana.

Lero ndamasula khadi lija. Pamalo pa mafuta oziziritsa, chinthu choyera chouma, cha timizere tabuluu. Ndanunkhiza. Mankhwala otsukira m'mano. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kufinyira mankhwala a m'mano pakhadi n'kunditcha bwana. Pansi pake mazira a mphemvu, ophika bwinobwino. Zandinyansa, iyeyo, kontena yake, ndi ine ndemwe amene ndinati zikomo.

Lolemba, 16 Juni

Kwa Dokotala. Sanadzutse n'komwe mutu, ali kalikiliki ndi foni ya wina. "Katundu akatuluka sabwerera, bwana. Mankhwalawo amagwira, mwina mumasewera mopyola muyeso."

Ndati chabwino, ndibwezereni langa lakale, ndizitsokomola nalo.

"Lija? Linapita tsiku lomwelo. Linalibe vuto lililonse, fumbi basi. Ndinangolipemerera n'kulipukuta. Anagula bambo wina wovala magalasi, akuti ali ndi mpikisano Loweruka."

Ndinakhala pa benchi yake yamafuta ija osazindikira. Thalauza loyera.

Lachitatu, 18 Juni

Kompyuta ili gada, mimba yotsegula. Ilibe khadi, ine ndilibe nsapato.

Uthenga wa alamu: Loweruka ndi fainolo, kwawo. Akuti kompyuta ya Wamagalasi siima ngakhale pang'ono, ndibwere ndidzaone ndekha. Ndipo ndinyamule mpando wanga, mipando yawo ndi ya osewera.