Chitunda cha Kumanda Ndidzakwera Ndekha

Dayton, Ohio

Okondedwa achemwali a Ozella,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija likukulolani kutsikira kudimba? Nanga alamu shuga wawo ali bwanji? Ine ndiliko, ndipotu bwino kusiyana ndi mmene munandionera pa Khirisimasi, pomwe kumanga nsapato kokha kunkandisiya ndili wefuwefu.

Mwana wangayu, Charlene, anandilembetsa mafizo a mapapo kuchipatala. Poyamba ndinakana. Munthu wa imvi ngati ine kukaphunzitsidwa kupuma ngati khanda! Koma mukumudziwa, makani anatengera malemu mayi ake. Kumeneko ndapeza madala anzanga, tonse timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, tikupalasa njinga zosapita kulikonse. Mmodzi, Lonnie, ndi wa kwathu ku Kentucky konko. Amandinena kuti ndimapalasa ngati ndikuperekeza maliro, ine n'kumubwezera kuti iye akatsokomola mawindo amanjenjemera.

Wotiphunzitsa ndi mayi wina dzina lake Denise, wamfupi koma sanyengerera munthu. Tsiku lina akundikweza masitepe anandiimitsa n'kundifunsa chifukwa chimene ndimagwirira mpweya. Ine sindinkadziwa n'komwe. Paja mumgodi fumbi la malasha likabuka tinkatseka pakamwa n'kukankha ntchito mpaka lidutse, ndiye thupi linazolowera. Nditamufotokozera anaseka, amvekere: "Bambo Caudill, muno mulibe malasha. Tulutsani mpweyawo, mukusungira ndani?"

Tsopano ndimakoka mpweya ndi mphuno nditaima, kenako phazi likamakwera ndimautulutsa pang'onopang'ono, milomo nditasongola ngati ndikuuzira khofi wotentha. Sabata yatha ndinafika pamwamba pa masitepe aja osakhala pansi. Ndinalira, achemwali, Lonnie akuona.

Pempho langa ndi limodzi. Mwezi wa Meyi, tsiku lolambula manda, ndikubwera. Chaka chatha ndinatsala m'galimoto kunsi kwa chitunda, nonse mukukwera ndi maluwa kupita kwa Geneva, mkazi wanga ine. Nyimbo ndinkangozimvera patali, ndipo zinandiwawa kwambiri. Ndamva kuti achimwene a Hobart akonza zodzandikweza pa njinga yawo yamoto ya matayala anayi ija. Muwathokoze, koma muwauze kuti ine si thumba la chakudya cha ng'ombe. Ngati akufuna kundithandiza, adule zipika zofika m'chiuno, aziimike m'mbali mwa njira motalikirana pang'ono. Denise wandiphunzitsa kuima nditawerama, mikono nditatsamira pa chinthu, ndipo kubanika kumatha msanga. Botolo la mpweya ndidzabereka kumsana.

Mukadzandiona nditatsamira chipika, milomo ili chisongolere, musadzachite mantha kapena kuthamangira kuitana ambulansi. Inu mudzapitirire, nyimbo mudzayambe. Koma manda a Geneva munthu asadzawakhudze. Ngakhale ndidzafike nkhuku yokazinga imene timadya kumandako itatha m'mbale, udzu wa pamenepo ndidzazula ndi manja angawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali a Versie ndi adzukulu onse. Charlene akuti mumusungireko uchi wa chaka chino.

Ndatha ine mlongo wanu wokukondani,
Virgil