Do wa Alamu Anasamuka

Okondedwa azakhali,

Mlongo wanga amumanga pulasitala dzulo, zala ziwiri zakumanja n'zothyoka. Enafe tili bwino, kaya inu kutaliko.

Nkhani inayambira pa kiyibodi munamutumizira ija. Alamu, pokhala oimbitsa kwaya, analemba do-re-mi ndi inki pa makiyi kuti mkazi wawo aphunzire motero. Koma mlongo wangayo anakonda manotsi a pa mizere isanu, amene alamuwo amawatcha zitosi za ntchentche. Ndawerenga za njira zonse ziwiri ndipo palibe yoipa. Kungoti do amasuntha nyimbo ikakwera kapena kutsika, pamene inki sisuntha.

Pokonzekera nyimbo, azimayi a m'kwaya anapempha kuti itsike pang'ono. Alamu anangotsata inki yawo, nyimbo osatsika. Mlongo wanga anati, "Abambo, do wanu wasamuka," n'kukhala pampando, n'kuitsitsa bwinobwino. Kwaya yonse inafa nacho chiseko.

Awiriwo atafika kunyumba, aneba anamva mbale zikusweka, kenako kukuwa. Ine ndinapeza kiyibodi ili pansi, makiyi oyera atamwazika ngati mano, mwendo wake wachitsulo utapindika. Mlongo wanga akuti anagwa pa masitepe. Nyumba ija ilibe masitepe, azakhali, ndipo adokotala anandifunsa za zipsera zakale kumsana.

Musatumize kaye kiyibodi ina. Mawa m'mawa tikukamutenga kwa alamuwo ine ndi achimwene aakulu. Ndawapempha achimwenewo kuti chikwanje asiye.

Ndatha ine,
mwana wa mlongo wanu