Phiri la Maina Awiri

North York, 14 Okutobala

Alamu anga a Eric,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Dedza. Kuno kwayamba kuzizira, koma kuntchito ndikupitabe.

Achimwene anu a Tobias sanabwerebe kuchokera kumpoto kwa dziko lino kumene anapita kukayeza malo. Lero akwana masabata awiri foni yawo isakulowa. Anali paphiri lina la ku Labrador, lotsetserekera m'nyanja yamchere. Kulibe msewu ngakhale mtengo, ndi miyala ndi nkhungu basi, ndipo anthu amafikako pa boti kapena helikopita.

Phirilo lili ndi maina awiri. Pamapu analemba dzina la mzungu woyendetsa sitima amene sanalikwerepo n'komwe. Eni dera, a Inuit, ali ndi dzina lawo, ndipo ndi limene a Tobias anatchula mu uthenga wawo womaliza. Popeza dzinalo pamapu palibe, owafunafuna anataya masiku atatu paphiri lina, mpaka mayi wina wakumeneko anawalozera lenilenilo. Mayiyo anandiimbira foni, nati, "Dzinalo limatanthauza podikirira kuti mphepo ileke. Mwina amuna anu akudikira."

Owafunafunawo anapezako tenti ndi chikwama cha a Tobias basi. Chipale chofewa chagwa kale kumeneko.

Dzulo kunabwera apolisi awiri aulemu kwambiri, mpaka anavula nsapato pakhomo. Anapempha mswachi wa a Tobias kuti akayeze DNA. Ndinawapatsa osafunsa kanthu.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Akafunsa, muziti kumene aliko a Tobias kulibe netiweki. Limenelo si bodza.

Ndine mlamu wanu,
Agnes